Kutenthetsa chotupa si kufukiza

Akonzi,

Ndiloleni ndinenepo za hyperthermia, njira yomwe madokotala amatenthetsa chotupa cha khansa ndi makina mpaka madigiri 40 kapena 43 kwa pafupifupi ola, kuphatikiza pa radiotherapy, chithandizo chopha maselo a khansa ndi cheza champhamvu. Asayansi akuyesa ngati kutenthaku kungagonjetsenso timaselo ta khansa touma mutu, totchedwa cancer stem cells, timene gulu la wasayansi John Dick ku Toronto, m'dziko la Canada, linatipeza m'khansa ya m'magazi mu 1994. Mankhwala akatha, timaseloti timaphukanso ngati chitsa cha bulugamu. Kutentha kumalepheretsa maselo kukonza DNA yawo (malangizo a m'kati mwa selo) yowonongeka ndi radiotherapy.

Ku Netherlands, kafukufuku wa mu 2000 adaonetsa phindu la njirayi pa khansa ya khomo la chiberekero, yomwe ikutha amayi athu kuno.

Koma azakhali anga atamva zimenezi, adafunda bulangete pa mphika wa madzi owira. Adangopsa ntchafu, chotupa chili pomwepo.

Wowerenga wanu,
Zomba