Kalata ya agogo ochokera ku Ngabu

Mdzukulu wanga wokondedwa,

Ife kuno tadzuka bwino, kaya iwe ku Zolozolo? Amayi ako akuwerengere kalatayi pang'onopang'ono.

Mbuzi yako ija, yabanga loyera pamphumi, yaswa ana awiri! Kamodzi nkakakazi, kakudumpha kale m'khola. Sindinawatche maina, ndikudikira mwini wake.

Nditabwera ku Mzuzu unandiseka chifukwa ndinkagona nditavala juzi. Unandifunsanso chifukwa chake ndinatchinjiriza ndowa pansi pa malata mvula ikugwa, pomwe madzi ali pampopi. Mwanawe, kuno ku Ngabu, m'boma la Chikwawa, mvula siigwa ngati kwanuko. Imabwera mochedwa n'kutha msanga. Mu Okutobala ndi Novembala dzuwa limaswa mtengo, kutentha kumapitirira madigiri 40, nthaka osapondeka wopanda nsapato. Timitsinje timauma n'kutsala mchenga wokhawokha. Abusa amakumba mumchengamo ndi manja mpaka madzi atayamba kutuluka, kenaka ng'ombe zimamwa imodzi imodzi. Ine ndili ngati iwe, ndinkakumba nawo.

Ndiye chifukwa chake timabzala mapira ndi mchewere, mbewu zopirira dzuwa. Chimanga chimafota msanga. Nsima ya mapira ndi yofiirira, usadzaikane usanailawe. Thonje timalima kuti tipeze ndalama ya sopo ndi mchere. Koma chuma chenicheni cha kuno ndi ziweto: njala ikavuta timagulitsa mbuzi imodzi n'kugula chakudya.

Madzi omwe timawasowawo nthawi zina amabwera mwaukali. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anadzaza chigwa cha Shire, ziweto zambiri zinakokoloka. Make wa mbuzi yakoyi ndinamunyamula paphewa mpaka kumtunda. Ndikamaona tidzukulu taketi, mtima umandiuza kuti sindinavutike pachabe.

Sukulu ikatsekera uwauze abambo ako akubweretse. Ulendo wake ndi wautali, msewu wa M1 wokhawokha: Chikangawa, Kasungu, Lilongwe, Blantyre. Mukadzatsika phiri n'kuwoloka Shire pa mlatho wa Kamuzu, udzavule juzi. Mukadzadutsa minda ya nzimbe ya ku Nchalo, udzadziwe kuti mwayandikira.

Ndakusungira malambe m'thumba. Udzanditengere khofi wa ku Mzuzu, ndipo uyambiretu kuganiza maina awiri aja.

Ndine agogo ako,
ku Ngabu