Kuuma m'kamwa kosalekeza si ludzu chabe

Akonzi,

Tiloleni tichenjeze owerenga za kuuma m'kamwa, vuto limene ambiri amalipeputsa mpaka mano atawonongeka.

Munthu wathanzi amatulutsa malovu okwana theka la lita mpaka lita imodzi ndi theka pa tsiku. Ambiri mwa malovuwa amachokera ku tiziwalo 6: tiwiri kutsogolo kwa makutu, tiwiri pansi pa nsagwada ndi tiwiri pansi pa lilime. Malovu amatsuka zotsalira za chakudya ndi kufooketsa asidi amene amadya mano. Akachepa, lilime limakakamira kumwamba kwa kamwa, milomo imang'aluka, chakudya chouma chimakana kutsika, ndipo mano amayamba kubooka m'munsi, m'malire ndi nkhama.

Koyamba kuyang'ana ndi ku mankhwala amene munthu akumwa. Chlorpheniramine wa chimfine ndi kuyabwa, amitriptyline, morphine, tramadol, ndi okodzetsa monga furosemide ndi hydrochlorothiazide, onsewa amaumitsa m'kamwa. Nchifukwa chake vutoli limachuluka mwa okalamba, pakuti ambiri amamwa mitundu ingapo tsiku lililonse. Koma chonde musasiye mankhwala panokha, makamaka a kuthamanga kwa magazi. Tengani mapaketi onse mukaonetse dokotala. Nthawi zina kusintha mlingo kapena mtundu n'kokwanira.

Ngati kuumako kukubwera pamodzi ndi ludzu losatha, kukodzakodza usiku ndi kuwonda, kayezetseni shuga msanga. Kutsekula m'mimba, kusanza ndi kutentha thupi kumachotsanso madzi m'thupi. Wodzuka m'mawa kukamwa kuli gwa, masana n'kukhala bwino, kawirikawiri amagona kukamwa kuli yasa chifukwa cha mphuno zotsekeka kapena nkonono. Fodya, mowa ndi chamba zimawonjezera. Palinso matenda a Sjögren, amene amagwira kwambiri amayi: chitetezo cha thupi chimaukira tiziwalo ta malovu ndi ta misozi, maso n'kumamveka ngati muli mchenga. Radiotherapy (chithandizo chowotcha khansa ndi cheza champhamvu) ya kumutu kapena m'khosi imathanso kuwononga tiziwaloti.

Chimene chimatiwawa kwambiri ndi anthu omangomunga maswiti a shuga tsiku lonse kuti anyowetse m'kamwa. Shuga pa mano opanda malovu ndi moto. M'malo mwake tafunani chingamu chopanda shuga, imwani madzi pang'onopang'ono pafupipafupi, ndipo tsukani mano kawiri pa tsiku ndi mankhwala okhala ndi fluoride; mukalavula musachukuche. Pewani madzi ochukuchira okhala ndi mowa. Zoyerayera zikaoneka pa lilime kapena m'masaya, kawirikawiri amakhala mafangasi, ndipo amafunika mankhwala a kuchipatala.

Ogwira ntchito za umoyo wa mano