Lipoti la Nthumwi pa Msonkhano Wokambirana za Tsogolo la Ntchito Yoyendetsa Ndege

Wapampando, akomiti ndi mamembala nonse,

Munandituma ku msonkhano wa oyendetsa ndege ndi aphunzitsi awo nditasenza funso lomwe makolo ndi achinyamata akhala akutifunsa: kodi mwana amene akuyamba maphunzirowa lero adzaipeza ntchito, kapena makompyuta adzakhala atamulanda mpando? Ndabwerako ndi yankho lakuti ntchitoyi sikutha msanga, koma mpando womwe tiyenera kuuyang'anira ndi maso onse ndi wa kumanja, wa wothandizira kaputeni.

Nkhawa ya makolo ili ndi maziko ake. M'zaka za m'ma 1950 ndege zikuluzikulu zodutsa nyanja zinkakhala ndi anthu asanu kutsogolo: oyendetsa awiri, injiniya, wolondola njira ndi wa wailesi. Makina anawachotsa mmodzimmodzi, moti Boeing 767 itayamba kunyamula anthu mu 1982, ndiponso Boeing 747-400 mu 1989, anatsala ndi awiri basi. Tsopano maso ali pa awiriwo. Mu 2020 kampani ya Airbus inamaliza kuyesa ndege ya A350 yomwe inkayenda pabwalo, kunyamuka ndi kutera yokha pogwiritsa ntchito makamera, ndipo chaka chomwecho makina a Garmin Autoland, otsitsa ndege yaing'ono woyendetsa akadwala mwadzidzidzi, anavomerezedwa ku America.

Nthawi yambiri ya msonkhanowo inathera pa ganizo lakuti pa maulendo ataliatali woyendetsa mmodzi azitsala yekha ndege ikakhazikika m'mwamba, mnzake akukapuma. Bungwe loona za chitetezo cha ndege ku Ulaya la EASA linafufuza nkhaniyi, ndipo mu 2025 linapeza kuti ndi mmene ndege zapangidwira panopa, palibe umboni wokwanira wakuti munthu mmodzi angateteze miyoyo mofanana ndi awiri. Zovuta zake ndi zapafupi: munthu amatopa, amawodzera, amafuna kupita kuchimbudzi, ndipo akhoza kukomoka popanda womuona. Mabungwe a oyendetsa ndege monga IFALPA akhala akukana ganizoli poyera. Komabe ndikuchenjezeni kuti nkhaniyi angoiimika chabe, sanaikwirire, pakuti makampani akupitiriza kukonza makina awo.

Chomwe chinandikhudza kwambiri ndi zimene zimachitika makina akalephera. Pa 1 June 2009 ndege ya Air France yochokera ku Rio de Janeiro kupita ku Paris inagwera m'nyanja ya Atlantic ndi kupha anthu 228, timapaipi toyezera liwiro titatsekeka ndi madzi oundana, makina oyendetsa ndege okha (autopilot) n'kudzizimitsa, oyendetsa n'kusokonezeka. Pa 10 March 2019 ndege ya Ethiopian Airlines ya mtundu wa 737 MAX inagwa patangopita mphindi zisanu ndi chimodzi ichokereni ku Addis Ababa, makina a MCAS, omwe amatsitsa okha mphuno ya ndege ikakwera kwambiri, atanamizidwa ndi kachipangizo kamodzi n'kumakankhira mphuno ya ndege pansi. Anthu 157 anataya miyoyo. Ngoziyi sitingaione ngati ya kutali, popeza kampaniyi ili ndi magawo mu Malawi Airlines. Koma pa 15 January 2009, injini zonse ziwiri zitazima chifukwa cha mbalame, oyendetsa awiri anatsitsira ndege pa mtsinje wa Hudson ku New York ndipo anthu onse 155 anapulumuka.

Tsiku lachiwiri anatilowetsa m'makina oyeserera kuuluka. Ndinakhala kumanja, mphunzitsi n'kuzimitsa choonetsa liwiro osatichenjeza. Mabelu analira, manja anga anachita thukuta, ndipo ndinapezeka ndikukokera mphuno m'mwamba ndisanaganize n'komwe. Mnzanga wa kumanzere, bambo wa imvi, anangondigwira pamkono n'kuloza chipangizo choonetsa mmene ndege yapendekera, ndipo mtima wanga unakhala pansi. Ndikanakhala ndekha, sindikukhulupirira kuti ndikanadziwongola nthawi ikadalipo.

Apa ndi pomwe pagona nkhani kwa ife. Kaputeni sabadwa, amaphukira pampando wa kumanja. Laisensi yapamwamba imafuna maola 1,500 ouluka, ndipo ochuluka mwa maolawa wachinyamata amawapeza atakhala pambali pa wamkulu, akuona mmene akuwerengera mitambo ndi mmene akusankhira kubwerera m'malo mokakamira kutera. Malamulo a ICAO, bungwe loona za maulendo a ndege pa dziko lonse, salola munthu amene wakwanitsa zaka 65 kuyendetsa ndege zonyamula anthu pakati pa mayiko, choncho akuluakulu akupuma chaka ndi chaka. Mpando wa kumanja ukachotsedwa, adzawalowa m'malo ndani, ndipo luso adzalitenga kuti? Pamsonkhanopo palibe amene anayankha funsoli mondikhutiritsa.

Pachifukwa ichi ndikupempha komiti kuti tisawabweze achinyamata ofuna ntchitoyi, koma tiziwauza zoona zake za kukwera mtengo kwa maphunziro ndi kutalika kwa ulendo wofika pa maola 1,500. Posankha sukulu, tiziwalangiza kufunsa kuchuluka kwa nthawi yomwe wophunzira amayendetsa ndi manja ake makina atazimitsidwa, komanso ngati amaphunzitsidwa kuwongola ndege yomwe yataya liwiro. Ndikupemphanso kuti gulu lathu lilembe kalata yogwirizana ndi mfundo ya oyendetsa awiri nthawi zonse. Ndailemba kale mongoyerekeza, ndipo ndidzaibweretsa pa msonkhano wathu wotsatira kuti muikonze.

Ine nthumwi yanu.