Anyamata a m'masitudiyo, tsitsani mafeda

Akonzi,

Ine ndimabwereketsa zokuzira mawu pa maukwati ndi zinkhoswe kuno ku Ngabu, nthawi zina mpaka ku Nchalo ndi ku Bangula. Loweruka lapitali mnyamata wina anandipatsa flash kuti ndiike nyimbo yake yatsopano pa ukwati wa mlongo wake. Itangoyamba, ng'oma iliyonse inkathetheka ngati chimanga m'chiwaya. Anthu onse maso pa ine, mayi ena mpaka kukuwa kuti masipika anga apsa ndi dzuwa la m'chigwa muno. Masipikawo analibe vuto. Madzulo nditaitsegula pa kompyuta, mafunde a nyimboyo anali ometedwa pamwamba ndi pansi, gwa ngati njerwa, kuyambira koyamba mpaka kumapeto.

Pa kompyuta mawu ali ndi denga, pa 0 dB (dB ndi muyeso wa kukwera kwa mawu). Akafika pamenepo sakweranso, nsonga zake zimangodulidwa, ndipo kudulidwako ndi kumene amati clipping. Kukalowa mu fayilo ya nyimbo ya WAV kapena MP3 sikuchokanso. Ine ndikatsitsa voliyumu pa mikisa yanga, kuthethekako kumangotsika nayo limodzi.

Chimene chimawapusitsa anyamatawa n'choti track iliyonse (mzere wa chida chimodzi kapena woimba mmodzi) payokha imaoneka yobiriwira bwinobwino pa nyali zoyezera mawu, koma zonse zimakakumana pa master, potulukira mawu onse pamodzi. Ma track awiri ofanana ndendende akaphatikizana amakwera ndi 6 dB, nanga makumi awiri? Woimba sakumveka, amukweza. Gitala yabisika, aikweza. Besi nayo aikweza poti anthu a m'mabala amakonda kugunda kwa pachifuwa. Kenako aponya limiter, chipangizo choletsa mawu kupitirira denga, pa master mu pulogalamu ya FL Studio kuti nyali yofiira yochenjeza za clipping isaoneke, basi ati ntchito yatha.

Inenso ndinapsapo. Zaka zapitazo ndinajambula gulu la ulimba ku Nsanje, nditakweza gain ya maikolofoni, mphamvu imene mawu amalowera, mpaka pafupi ndi denga poopa kuti mawu achepa. Ulimba umamenyedwa mwadzidzidzi, ndipo oimba akatenthedwa amamenya mwamphamvu kuposa pa nthawi yoyeserera. Theka la zimene ndinajambula tsikulo ndinataya, akuluakulu aja atayenda mtunda wautali pa njinga. Kuyambira pamenepo ndimajambula mu 24-bit, nsonga zisapitirire -12 dB, kutali ndi denga lija, chifukwa mawu otsika ndingawakweze pambuyo pake popanda phokoso lodetsa nkhawa.

Posakaniza, yambani ndi mafeda onse pansi, ndiye kuti timabatani tokwezera ndi kutsitsira mawu a track iliyonse. Kwezani kick (ng'oma yaikulu) ndi besi kaye, zina zizibwera pambuyo, ndipo master izisewera cha pa -6 dB. Chida chikabisika, tsitsani chimene chikuchiphimba. Pa mawu a woimba ndi gitala dulani mawu akuya kwambiri a pansi pa 80 Hz, amangodya malo pachabe. Ngati simukumva bwino, kwezani masipika anu a mu situdiyo, mafeda asiyeni. Limiter ibwere pomaliza, denga lake pa -1 dB, poti kusandutsa nyimbo kukhala MP3 kumatha kukweza nsonga pang'ono. Za mpikisano woti nyimbo yanu isokosere kuposa za ena iwalani: Spotify ndi YouTube amatsitsa okha nyimbo zosokosera kwambiri.

Mnyamata uja ndamuuza kuti akatenge project yonse, ya ma track osaphatikiza, kwa amene anamujambula, osati MP3, tidzakhale pansi Lamlungu tikaweruka ku tchalitchi, magetsi akalola.

Wokuza mawu pa maukwati,
Ngabu, Chikwawa