Kalata kwa Nduna ya za Malo: ana tilipo anayi, pachikalata pali dzina limodzi

Olemekezeka a Nduna,

Ndikulemba kuchokera ku Chikanda, mumzinda wa Zomba, pa puloti pomwe mayi anatilerera ana anayi ndi ndalama za zitumbuwa komanso lendi ya zipinda zitatu za kuseri. Tinawaika m'manda chaka chatha. Malume ataitanitsa mbumba kuti tikambirane za nyumba, achimwene anatulutsa envulopu. Chikalata cha malo onse chili m'dzina lawo okha.

Mayi sankatha kulemba. Anatuma achimwenewo kukalembetsa malowa chifukwa ndiwo anapita patali ndi sukulu. Wolemba chikalatacho sanawaone mayi, sanafunse oyandikana nafe, ndipo pamalopa sanapondepo. Akanafika akanaona kuti malire omwe anajambula ameza ngakhale kanyumba ka mchemwali wanga, komwe mayi anamuloza pamaso pa tonse. Kuno kwathu mwana wamwamuna amapita kuchikamwini, otsala pamalo a mayi ndi ana aakazi. Pepalalo silidziwa zimenezi.

Malamulo alipo, sindikukana. La chuma cha masiye la 2011 limati munthu akamwalira osasiya wilo, ana ake onse ali ndi gawo, ndipo kulanda chuma cha masiye ndi mlandu. Lamulo la kaundula wa malo limalola munthu kuika chiletso kuti malo asagulitsidwe mkangano usanathe, ndipo khoti lingathe kulamula kuti cholakwika cha m'kaundula chikonzedwe. Koma ine zimenezi ndazimva patapita miyezi isanu ndi iwiri, kwa mnzanga wa kutchalitchi, nditatha kale ndalama ya feteleza pa mayendedwe. Mayi wa ku Jali kapena ku Mayaka, yemwe alibe womunong'oneza, adzazimva liti?

Ndikupempha kuti dzina lililonse lisanalowe m'kaundula, lizilengezedwa pamalo penipeni, eni mbumba ndi oyandikana nawo ali pomwepo. Lamulo la malo a makolo la 2016 linaika makomiti a m'midzi, momwe amayi sayenera kuchepera atatu. Nzeru yomweyo ifikenso m'makwalala a m'tauni muno, momwe mapuloti akwera mtengo chifukwa cha omanga mahositelo a ophunzira a payunivesite ku Chirunga. Fomu yoikira chiletso ikhalenso m'Chichewa ndi m'Chiyao, ndipo izipezeka pafupi, yoti munthu n'kulemba yekha popanda loya.

Achimwene sindikuwada, a Nduna. Ndiwo ankandibereka kumbuyo popita kuchigayo. Lero tikakumana pamsika wa Mpondabwino amayang'ana kumbali. Sabata yatha wogula wina anabwera ndi tepi kudzayeza kuseri, ndipo mchemwali wanga anamuimira pakhomo mwana ali kumsana. Wogulayo wati abweranso kumapeto kwa mwezi uno ndi ndalama.

Ine wanu,
Mwana wachitatu wa malemu
Chikanda, Zomba