Kalata kwa makasitomala athu: malamulo amodzi olembera khodi ya mawebusaiti anu

Okondedwa makasitomala athu,

Tikukudziwitsani kuti kuyambira mwezi wamawa, khodi (malangizo olembedwa oti kompyuta iwatsate) ya mawebusaiti onse amene timakusamalirani izilembedwa motsatira malamulo amodzi. Nkhaniyi ikukhudza nonse: eni malo ogona alendo ku Senga Bay, sukulu za pano pa boma la Salima, ndi magulu ogulitsa mpunga a ku Lifuwu ndi ku Nkhotakota. Maonekedwe a webusaiti yanu sasintha, ndipo simulipira ndalama yowonjezera.

Kusinthaku kuli mkati, komwe alendo anu saona. Wolemba khodi aliyense ali ndi dzanja lake: wina amayamba mzere ndi mipata iwiri, wina inayi, wina amalemba mzere wautali wosakwana pa sikirini. Kompyuta imawerenga zonsezi osadandaula, koma munthu wodzakonza pambuyo amatha nthawi yambiri akufufuza pamene mnzake anayambira. Tikufuna zikhale ngati pamsika pamene onse agwirizana kuyezera mpunga mbale imodzi.

Tasankha zida ziwiri zaulere. Prettier, yomwe James Long anatulutsa mu 2017, imangoyala khodi mwadongosolo: mipata iwiri poyambira, ndipo mzere ukapitirira zilembo 80 imayesetsa kuudula. Sisintha zomwe pulogalamu imachita.

Chida chachiwiri, ESLint, ndi chomwe chatikopa kwambiri. Anachiyambitsa Nicholas Zakas mu 2013, ndipo chimafufuza zolakwika mu JavaScript, chinenero cholembera khodi ya mawebusaiti, khodiyo isanafike pa intaneti. Chimagwira dzina la chinthu m'khodi lomwe lagwiritsidwa ntchito lisanakhazikitsidwe, ngakhalenso lomwe lakhazikitsidwa koma palibe pomwe likugwira ntchito. Chitsanzo china ndi ichi: mu JavaScript, mukayerekezera zinthu ziwiri pogwiritsa ntchito chizindikiro cha ==, bokosi lomwe munthu walisiya lopanda kanthu limatengedwa kuti n'chimodzimodzi ndi 0. Pa fomu yosungitsira chipinda, mlendo amene sanalembe chiwerengero cha ana angaoneke ngati walemba kuti alibe mwana, inu n'kukonza bedi losakwana. Lamulo lathu likukakamiza kulemba ===, yomwe imasiyanitsa ziwirizi. Khodi yophwanya lamulo sizilowa m'nkhokwe yathu ya pa GitHub, malo a pa intaneti osungirako khodi, mpaka itakonzedwa.

Sabata yoyamba ya mweziwo sitiwonjezera zatsopano pa webusaiti iliyonse. Ikasiya kugwira ntchito, kapena mukafuna kusintha mitengo, tikuthandizani monga mwa nthawi zonse. Amene muli pa WordPress, tikonza zokhazo zomwe tinalemba ife. Mapulagini (timapulogalamu towonjezera) a anthu ena sitiwakhudza.

Ngati muli ndi katswiri wanu amene amaonanso khodiyi, muuzeni asadabwe akaona kusintha kumodzi kwakukulu mu Git (chida chosunga mbiri ya khodi) kokhudza pafupifupi fayilo iliyonse. Kusinthaku tikulemba m'fayilo ya .git-blame-ignore-revs kuti mbiri ya amene analemba mzere uliwonse isasokonekere.

Tinene poyera: khodiyi ndi yanu, munailipira. Tsiku lina mukadzaganiza zopereka ntchitoyi kwa munthu wina, kaya wa ku Lilongwe kaya wa konkuno, malamulowo adzawapeza m'fayilo ya eslint.config.js ndipo adzayamba ntchito osavutika kutifunsa.

Ngati mweziwo mukuyembekezera alendo ambiri kapena kulembetsa ophunzira, tiuzeni pa nambala yathu ya WhatsApp mwezi uno usanathe, kuti webusaiti yanu tidzaikonze pomalizira.

Ndife anu,
Gulu lokonza mawebusaiti, Salima