Kalata kwa Tamanda: Gulani Sikelo, Mbande Zidikire Kaye

Wokondedwa Tamanda,

Ndikhulupirira uli bwino kutaliko. Kalata yako inandipeza, ndipo ndakondwa kumva kuti anzako akusankha kukhala wapampando wa kalabu ya zachilengedwe pa yunivesite yanu. Ukuti ambiri akufuna muyambe ndi kubzala mitengo 500 tsiku limodzi ndi kusindikiza masikipa. Ine ndikuti mbandezo zidikire kaye. Ndalama yoyamba mugulire sikelo yopachika, yotha kunyamula makilogalamu 50.

Chifukwa chake n'chakuti akuluakulu a yunivesite akamva kuti "tikufuna kuteteza chilengedwe" amangogwedeza mutu n'kukutsanzikani mwaulemu. Koma mukawauza kuti holo yodyera ikutaya makilogalamu akutiakuti a chakudya patsiku, amakhala pansi, poti aona ndalama zikulowa m'bini.

Sankhani sabata wamba pakati pa teremu, osati ya mayeso kapena yotsegulira sukulu, chifukwa zinyalala za masiku amenewo sizipereka chithunzi choona. Pemphani ogwira ntchito yoyeretsa kuti akusungireni matumba a maola 24 kuchokera malo atatu: kogona ophunzira, holo yodyera ndi nyumba imodzi yophunzirira. Thumba lililonse mulilembe kumene lachokera. Yalani pepala lalikulu la pulasitiki pamthunzi, valani magolovesi okhuthala ndi nsapato zotseka, kenaka gawani: zotsala za chakudya, mapepala ndi makatoni, mabotolo a pulasitiki, pulasitiki ina yonse, magalasi, zitini, ndi zotsalira. Yezani gulu lililonse, osaiwala kuchotsera kulemera kwa chidebe. Bwerezani masiku atatu. Matumba a m'zimbudzi, a ku kiliniki ndi a m'malabu musawatsegule n'komwe, ndipo munthu asapise dzanja m'thumba. Azikhuthula pansi n'kumasankha akuona, chifukwa singano ndi magalasi osweka zimabisala pansi.

Lembaninso kuchuluka kwa malo amene gulu lililonse likudya, osati kulemera kokha. Mabotolo amadzaza bini koma pasikelo salemera, pamene chakudya chonyowa chimaoneka chochepa koma ndicho chimathyola msana.

Kawirikawiri pamalo odyera anthu ambiri chimene chimalemera kwambiri ndi chakudya, ndiye ntchito yanu yachiwiri ikhale kompositi. Chakudya chikakwiriridwa kudzala kumene kulibe mpweya chimatulutsa methane, mpweya umene umatenthetsa dziko kuposa carbon dioxide. Chikawola pamulu wolowa mpweya chimasanduka manyowa. Mangani zipinda zitatu zamatabwa zoyandikana, chilichonse mita imodzi mulitali, mulifupi ndi msinkhu, pa dothi osati pa simenti. Mulu wochepera pamenepo sugwira kutentha. Pansi yalani timitengo kuti mpweya uzidutsa. Pa chidebe chimodzi cha zonyowa, monga makoko a zipatso, zotsala za masamba ndi udzu wongodula kumene, thirani zidebe ziwiri kapena zitatu za zouma: masamba ouma, makatoni ong'ambang'amba, utuchi pang'ono wa matabwa osapakidwa mankhwala. Akatswiri amati carbon (wochuluka m'zouma) ndi nitrogen (wochuluka m'zonyowa) zikhale pa mlingo wa 25 mpaka 30 kwa 1, koma m'munda palibe amene amayenda ndi kakyuleta. Zidebe zija n'zokwanira.

Apa ndiye pamene makalabu ambiri amagwera. Zonyowa zimabwera tsiku ndi tsiku, zouma sizibwera zokha. Musanalandire chidebe choyamba cha kukhitchini, muunjike kaye masamba ouma ndi makatoni okwana mwezi wathunthu pamalo osanyowa. Osesa pasukulupo amatentha kapena kutaya masamba amenewa, kambiranani nawo.

Chinyezi muchiyeze ndi dzanja. Tapa pakati pamulu, finya: pakatuluka dontho limodzi kapena awiri zili bwino, madzi akachucha wanyowetsa, zikayoyoka ngati mchenga waumitsa. Pakatha masiku atatu kapena asanu mkati muyenera kutentha, madigiri 55 mpaka 65, ndipo kutentha kumeneko ndiko kumapha tizilombo toyambitsa matenda ndi njere za udzu. Ngati mulibe choyezera kutentha chachitali, lasani chitsulo pakati, chisiyeni mphindi khumi, mukachizula chikhale chovuta kuchigwira nthawi yaitali. Tembenuzani ndi foloko kamodzi pa sabata, zakunja zilowe mkati. Mulu wosamalidwa chonchi umapsa pa miyezi iwiri kapena itatu, kenaka uusiye milungu inayi uzizire usanauthire ku mbewu. Wakupsa umakhala wakuda, wofumbutuka, wonunkhira ngati dothi la m'nkhalango mvula itagwa.

Mphuno ndiyo ikuuzeni vuto. Fungo la mazira owola ndiye kuti madzi achuluka ndipo mpweya sukulowa: onjezani zouma, tembenuzani. Fungo lolasa ngati la mkodzo ndiye kuti zonyowa zaposa mlingo. Mulu wozizira osasintha ndi wouma kapena waung'ono. Makoswe ndi ntchentche zikafika, wina waponyamo nyama, mafupa kapena mafuta, kapena chakudya sichinaphimbidwe. Nthawi zonse pamwamba pazikhala zouma zokhuthala masentimita 10. Yambani ndi makoko osaphika a kukhitchini okha. Zotsala m'mbale zili ndi mchere ndi mafuta, zidzabwere mukazolowera. Ndipo mulu wonunkha pafupi ndi ofesi ya munthu wamkulu umatseketsa ntchito yonse sabata yomweyo, choncho malo muwasankhe mwanzeru.

Za mabini amitundumitundu, funso loyamba si mtundu wa penti koma lakuti, zikadzaza akutenga ndani? Pezani kaye wogula kapena kampani yobwezeretsa zinthu, mumufunse zimene amalandira. Ambiri amafuna mabotolo olembedwa 1 pansi pake, omwe ndi a pulasitiki yotchedwa PET, ndi olembedwa 2, omwe ndi a pulasitiki yotchedwa HDPE, komanso zitini ndi makatoni ouma. Ophunzira akadzaona kamodzi kokha mabini onse atatu akukhuthulidwa m'galimoto imodzi, sadzasankhanso, ndipo sindingawadzudzule. Mabini aikidwe pamodzi nthawi zonse, chifukwa bini ya mapepala ikakhala yokha imasanduka ya chilichonse. Pakamwa pake padulidwe molingana ndi cholowamo: bowo lozungulira la mabotolo, mng'alu wautali wa mapepala. M'malo molemba mawu ambiri, khomerani botolo lenileni pamwamba pake. Kapu imodzi ya tiyi ikatayikira m'mapepala, thumba lonse laonongeka. Mabatire, makamaka a mafoni ndi malaputopu, akhale ndi bokosi lawolawo, mutamata tepi kumapeto kwa batire lililonse, chifukwa a lithium akaphwanyika amayaka.

Madzi ndi magetsi ndizo zimapereka zotsatira msanga. Mpopi wodontha kamodzi pa sekondi umataya malita oposa 11,000 pachaka, pamene vuto lake nthawi zambiri ndi kalabala kakang'ono kamene kaperepeseka. Werengani mita ya madzi ya nyumba yophunzirira usiku atatseka, muiwerengenso m'mawa asanatsegule. Ikayenda, penapake pakutayika madzi. Zimbudzi zogejemula zimadontha mwakachetechete: thirani timadontho ta utoto wa chakudya m'thanki, dikirani mphindi 15 osagejemula, utoto ukaonekera m'mbale ndiye kuti labala yatha. Pa magetsi, werengani machubu ounikira. Chubu chakale cha mawati 36 chikalowedwa m'malo ndi cha LED cha mawati 18, pa machubu 300 oyaka maola 12 mwapulumutsa pafupifupi mayunitsi 65 patsiku. Ophunzira asakhudze mawaya kapena mapaipi. Ntchito yanu ndi kulemba nambala ya chipinda, vuto ndi tsiku, n'kupereka ku ofesi yoona za nyumba. Machubu akalewo ali ndi poizoni wotchedwa mercury, asaswedwe.

Tsopano mitengo ija. Kubzala ndi tsiku limodzi, kulera ndi zaka ziwiri, ndipo tchuthi chachitali chikafika pasukulu sipakhala wothirira. Mitengo 50 yokhala ndi eni ake iposa 500 yojambulitsa zithunzi. Bzalani mvula ikakhazikika, mitundu yachilengedwe ya dera limenelo, kutali ndi mapaipi, maziko a nyumba ndi mawaya, mutaona kaye mapu a zomangamanga kuti musabzale pamene padzamangidwe laibulale. Dzenje likhale lotambalala kawiri kapena katatu kuposa chubu cha mbande, koma lisazame kuposa pamene dothi linalekezera ku nazale. Mbande yokwiriridwa khosi imawola. Chotsani pulasitiki, tsenderani dothi, thirirani malita 10 mpaka 20 pa sabata nthawi yopanda mvula. Phimbirani ndi udzu wouma, koma usakhudze tsinde poopa chiswe ndi kuwola. Mtengo uliwonse ukhale ndi nambala, ndipo pakatha miyezi 12 muwerenge yamoyo. Nambala imeneyo ndiyo yoyenera kulengeza.

Popita kwa akuluakulu, fufuza ngati yunivesite yanu inasainira Talloires Declaration, pangano la mfundo khumi zosamalira chilengedwe limene atsogoleri a mayunivesite anayamba kusaina ku France mu 1990. Ngati inasaina, mukungowakumbutsa lonjezo lawo. Onanso ngati imalowa nawo mu UI GreenMetric, mndandanda woyerekeza mayunivesite pa kasamalidwe ka chilengedwe umene yunivesite yotchedwa Universitas Indonesia inayambitsa mu 2010. Mayunivesite amakonda kukwera pamndandanda, ndipo manambala anu a zinyalala, madzi ndi magetsi ndi omwe amafunika kumeneko. Wina akanena kuti ophunzira sangasinthe mfundo za sukulu, mukumbutse za Glasgow, ku Scotland, kumene mu 2014 yunivesite inavomera kuchotsa ndalama zake m'makampani a mafuta ndi malasha ophunzira atalimbikira kwa nthawi yaitali. Masiku a 22 Epulo ndi 5 Juni, okumbukira chilengedwe padziko lonse, muwagwiritse ntchito polengeza zimene mwayeza, bola muone kuti sakugundana ndi mayeso.

Chomaliza chikukhudza iweyo. Uli chaka chachitatu, posachedwa uchoka, ndipo mulu wa kompositi sudziwa zoti anthu amamaliza maphunziro. Ntchito iliyonse ikhale ndi wachiwiri wa chaka choyamba kapena chachiwiri. Pakhale buku limodzi lolembamo makilogalamu, masiku otembenuza mulu, mapu a mitengo ndi kumene makiyi amasungidwa. Mugwirizane ndi ofesi yoona za malo, molemba, za amene azithirira ndi kutembenuza nthawi ya tchuthi, ndipo ngati ndi ogwira ntchito m'munda, ntchito yoonjezerayo idziwike kwa mabwana awo, isangowagwera. Pezaninso mphunzitsi mmodzi woti manambala anu azigwiritsidwa ntchito pa kafukufuku wa ophunzira ake.

Mukamaliza masiku atatu oyeza aja unditumizire zimene mwapeza, tiwerengere limodzi kukula kwa zipinda za kompositi. Upereke moni kwa anzako onse a m'komiti.

Ndine mnzako,
Mphatso